Tsiku Limene Mwalimu Mwina Ananena Kuti Ndithu

Mlongo wanga Gwakisa sanayankhepo funso molunjika chibadwire. Ndikunena ine Tumpale, mlongo wake wamkulu, amene ndinamubereka kumbuyo mpaka anayamba kuyenda yekha. Ali mwana, ukamufunsa kuti, "Wakhuta?" ankayamba wasuzumira m'mbale, kenako n'kudzisisita pamimba, n'kuyankha kuti, "Mwina." Malemu amayi ankapsa mtima n'kumukoka khutu. Khutulo linatalika ndithu, koma yankho silinasinthe.

Bodza lokha ndiye linkamukanika. Ana tonse tinkanama za shuga ndi za mkaka, koma iye akati ayeseko, dzanja linkathamangira lokha kukagwira khutu lija, kuliteteza lisanakokedwe. Amayi ankangoyang'ana dzanjalo mlandu n'kutha. Atagwidwa kangapo anaona kuti ntchito imeneyi si yake, n'kutisiyira ife odziwa.

Atakula anakhala mphunzitsi wa masamu pasekondale ya kwathu kuno, kumtunda kwa Tukuyu. Apo ndiye matenda ake aja anapeza malipiro a boma. Ukamufunsa ngati kugwe mvula, ankayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Mwa masiku khumi a mitambo yotere, asanu ndi awiri imagwa." Iwe uli ndi zovala pachingwe, ukufuna inde kapena ayi, munthu akukupatsa homuweki. Ana asukulu anamutcha Mwalimu Mwina, ndiye kuti Mphunzitsi Mwina, ndipo dzinalo linamumatirira moti ngakhale abusa linawapulumuka tsiku lina ali paguwa.

Mkazi anamupeza, musadabwe. Dzina lake Subilaga, wothandizira dokotala pachipatala chaching'ono cha m'mudzi mwathu. Pomufunsira anamuuza kuti mwa maukwati khumi onga awo, ambiri amayenda bwino. Subilaga anafunsa za otsalawo, iye n'kuti, "Tiyesetse tisakhale mwa amenewo." Mtsikanayo anavomera. Kutchalitchi, abusa atafunsa ngati adzamukonda mpaka imfa, Gwakisa anati, "Monga ndikuonera lero, inde." Abusa anayang'ana kudenga, anayang'ana ife, n'kulandira yankholo chifukwa mpunga wa ku Kyela unali ukuzizira panja.

Nyemba zinabwera ndi ukwatiwo. Pachipatala pa Subilaga palibe makina oonera m'kati mwa munthu. Toyezera malungo timabwera lero, mawa tatha. Madzulo ankafika kunyumba atatopa, akudandaula kuti munthu wabwera thupi latentha, mutu ukuwawa, m'mimba mukusokosa, ndipo zimenezo zikhoza kukhala malungo, tayifodi, kapena dzuwa chabe. Mwamuna wina akanati pepa, n'kumuthirira tiyi. Gwakisa maso anawala ngati wauzidwa kuti ng'ombe yabereka mapasa. Patchuthi anapita ku Mbeya kumsonkhano kumene akuyunivesite ankaonetsa momwe kompyuta imawerengera mwayi wa matenda, ndipo anabwerako osagwirika. Kompyuta analibe. Analowa m'nkhokwe mwanga n'kutapa nyemba, osapempha.

Njira yake inali iyi. Ankathira nyemba zana limodzi m'lichero n'kunena kuti amenewa ndi anthu zana amene anabwerapo ndi vuto lofanana. Zoyera ndi aja amachira okha ndi madzi komanso tulo. Zofiira ndi ofuna mankhwala. Zakuda, zochepa, ndi aja oti ukachedwa nawo tsiku limodzi umayamba kufunsa mtengo wa matabwa. Kuchuluka kwa mtundu uliwonse ankamuuza ndi Subilaga, malinga ndi zimene waona pantchito. Kenako mafunso. Yankho lililonse linkachotsa nyemba zosagwirizana nalo: khosi likupindika bwino, zakuda zingapo zituluke, mwana akuyamwa, zofiira zina zituluke. Zotsala m'lichero ndizo zinkanena kumene nkhani yatsamira.

Vuto ndi loti anthu akuno sitiyankha za matenda monga zilili. Munthu ali pafupi kutsirizika, ukamufunsa akuti, "Ndikupezako bwino pang'ono," chifukwa kubuula pamaso pa anthu n'kupanda mwambo. Gwakisa anaganizira zimenezonso. Mudzi wonse anauika pasikelo m'mutu mwake. Mayi wa mwana woyamba akati mwana sanagone n'komwe, uchotseko theka. Nkhalamba yachimuna ikati pang'ono, umve kuti kwambiri. Yankho la munthu wokayikitsa linkatulutsa nyemba zochepa, ndipo zikavuta ankatenga mpeni n'kuing'amba nyemba pakati. Ine akuti mawu anga atatu ndi ofanana ndi amodzi a munthu wamba, chifukwa ndimagulitsa mapeyala pamsika. Ndinamutukwana, koma sindinamutsutse.

Anthu ankaseka, ndipo ine ndinkatsogolera. Tsiku lina anasiya lichero pakhonde n'kulowa kukafuna magalasi. Potuluka anapeza mbuzi itadya tayifodi yense ndi theka la malungo. Anaithamangitsa mpaka kuchitsime akukuwa, taye ikuuluka kumbuyo, ndipo kwa mwezi wathunthu anthu ankatiyamikira panjira kuti mbuzi ya kwathu kwa Mwakalobo yathetsa tayifodi m'mudzi. Subilaga yekha ndiye sankaseka kwambiri.

"Licherolo sindingalowe nalo m'chipatala, mlamu, anthu angathawe kuti ndayamba maula," anandiuza tsiku lina tikusenda nthochi. "Koma limandikumbutsa kuti zakuda zilimo, ngakhale tsiku limene ndatopa ndipo ndikufuna kungopereka panado."

Tsopano ndikuuzeni za bambo athu, Tata Anyosisye Mwakalobo. Kwathu kuno mkamwana, mkazi wa mwana wamwamuna, saonana maso ndi apongozi ake aamuna, salankhula nawo, salowa m'nyumba imene iwo ali. Mabanja ena anasiya kalekale, koma kwa Mwakalobo sitinasiye. Subilaga, munthu woti waona zonse zimene Mulungu anabisa pa theka la anthu a m'dera lino, akangomva Tata akutsokomola panjira ankafunda chitenje kumutu n'kudziponya m'nthochi. Palibe amene ankamukakamiza, kwawonso amatero. Tata ankanyadira paliponse kuti mkamwana wawo ndi dokotala, koma akanakumana naye pamsika wa Kiwira akanamukwezera mtengo wa mkaka ngati mlendo. Malangizo onse ankadzera mwa ine. Kudzera mwa ine Subilaga anawaletsa nyama ya nkhumba chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo kudzera mwa ine Tata anathokoza kwambiri n'kulonjeza kumvera.

Chimene Tata ankakhalira moyo chinali gule wa ing'oma. Kuyambira ndisanabadwe, iwo ndiwo ankatsogolera amuna a m'mudzi mwathu pabwalo, atavala malaya oyera, kabudula woyera, masokosi ofika m'mawondo, ndodo ili m'manja. Chaka chimenecho, titakolola, kunali mpikisano ndi a kutsidya kwa mtsinje, anthu amene anatilanda chikho chaka chinacho ndipo sanasiye kutikumbutsa. Tata anasita kabudula wawo okha ndi simbi ya makala, osalola munthu kumukhudza.

M'mawa wa Loweruka la mpikisanolo ndinawapititsira tiyi n'kuwapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Malaya anali atavala, masokosi atakweza, koma kabudula anathera m'ntchafu. Mimba inali itafufuma moti mabatani sakanaonana.

"Kabudulayu wafota," anatero Tata.

"Wafota usiku umodzi, Tata?"

"Nsalu za masiku ano."

Kabudulayo anali wamkulu kuposa Gwakisa pa zaka. Ndinasiya tiyi pansi n'kuthamanga kukaitana Gwakisa ndi Subilaga.

Tinakhala motere. Tata m'chipinda pabedi, atafunda chitenje m'chiuno. Subilaga panja kuseri kwa khoma, pansi pa zenera, msana atalozetsa kunyumba, mutu atafunda. Gwakisa pakhonde ndi lichero lake. Ine pakhomo, mwendo wina m'kati wina panja. Zeneralo linalibe galasi, ndipo aliyense ankamva mnzake bwinobwino, koma mwambo umati sanamve mpaka ine nditabwereza.

"Afunseni kuti pakupweteka ndi pati," anatero Subilaga.

"Tata, akuti pakupweteka pati?"

"Auze kuti sipakupweteka. Pakungondikumbutsa kuti palipo."

"Akuti pakupweteka kwambiri," ndinatero kulozetsa kuzenera.

"Sindinatero ine!"

"Tata, inu lankhulani ndi ine, zakunjazo sizikukukhudzani."

Gwakisa anali akuchotsa kale nyemba. "Achemwali amasulira bwino," anatero osadzutsa mutu. "Chaka chimene ng'ombe inawathyola nthiti, Tata anati yawagirigisha."

"Afunseni kuti dzulo madzulo anadya chiyani."

"Phala," anayankha Tata ndisanabwereze, kenako anakumbukira mwambo n'kudikira kuti ndifunse. Ndinafunsa. "Phala," anateronso, maso ali kukhoma.

Dzulo lake amuna onse a gule anali kwa mnzawo wina kukonzekera, ndipo sindinamvepo kuti amuna makumi awiri anasonkhana n'kuphikirana phala. Gwakisa anatenga mpeni n'kung'amba nyemba ziwiri pakati. "Phala la Tata ndalipatsa theka," anatero.

Anasanza? Ayi. Thupi latentha? Ndinawagwira pachipumi, silinatenthe. Nyemba zofiira zinatuluka zambiri. Kenako Subilaga anati mimbayo ikufunika kuigwira ndi manja.

"Mlamu, lowani muwagwire nokha, lero lokha," ndinanong'ona. "Mulungu atikhululukira."

"Mulungu akhululuka, koma iwo sadzadyanso chakudya cha m'manja mwanga," anayankha. M'kati Tata anali atakoka kale bulangeti mpaka m'khosi, akunena kuti mkamwana akaponda pakhomo iwo atulukira pazenera.

Basi ntchito inagwera ine. Subilaga anandiuza pogwira, ndipo ndinadina mimba ya bambo anga ndi zala zomwe ndimasankhira mapeyala. Tata anakukuta mano n'kuyamba kuimba nyimbo ya gule chapansipansi.

"Ili bwanji?" anafunsa Subilaga.

"Yolimba."

"Yolimba bwanji, mlamu? Ngati thabwa?"

"Ayi. Ngati peyala lothyola dzulo. Loti ukagulitsa, wogula abweranso kudzakutukwana."

"Igogodeni ndi chala."

Ndinagogoda. Inalira ngati ng'oma, mpaka Tata eniake anaiyang'ana mwaulemu. Nditasuzumira pazenera ndinaona Subilaga atamukodola mwamuna wake, ndipo nkhope yake sinandisangalatse. Anatiuza motsitsa mawu kuti mimba yotere kawirikawiri ndi mpweya chabe umene watsekeka. Koma mwa amuna achikulire nthawi zina matumbo amapotana, ndipo akapotana pamafunika mpeni wa dokotala tsiku lomwelo, kuchipatala chachikulu cha m'tauni. Mawa amakhala atachedwa. Amayi tinali titaika kale, ndipo nkhalamba yovutayi ndi imene inatitsalira.

"Pali funso limodzi loti likhoza kutithandiza kwambiri," anatero Subilaga. Anafunditsa chitenje mpaka pamphuno n'kundinong'oneza m'khutu.

"Mlamu, mukufuna ndifere pano?"

"Funsani basi. Mukafunse mwaulemu."

Ulemu wake uti? Ndinalowa, ndinagwada, ndinayang'ana pansi. "Tata, akuti kodi kuchokera dzulo, kumunsiku, mphepo yadutsako?"

Tata anandiyang'ana. "Wafunsa ndani?"

"Chipatala."

"Chipatala chimenecho chili ndi mawu a mkamwana wanga."

"Tata, ndi funso la ntchito."

"Ine Anyosisye Mwakalobo, mwana wa Mwakalobo, ndikakambe zoterozo mkamwana ali pansi pa zenera? Iwe Tumpale, chikulire chako unayamba wandimvapo?"

"Kambirimbiri, Tata."

"Inali mipando!"

Nkhalambayo inali itaona msampha. Ikati inde, yadzichotsa ulemu pamaso pa mkamwana mpaka kumanda. Ikati ayi, ikwera njinga kupita m'tauni, gule n'kuvinidwa popanda iyo. Inangotseka pakamwa. Gwakisa anabwera pakhomo ndi nzeru za kusukulu.

"Tata, musalankhule. Ndodo yanuyo, gogodani pansi kamodzi ngati inde, kawiri ngati ayi."

Ndodoyo inauluka n'kumudutsa pamutu, n'kukagwera pabwalo pakati pa nkhuku.

"Kumeneko ndiye kangati?" ndinamufunsa.

"Kumeneko ndiye kuti sitikudziwa," anatero, n'kubwerera kulichero. Sanakhumudwe ngakhale pang'ono. Kusadziwa ndiye kunali kumunda kwake.

Anagawa nyembazo milu iwiri, wina woti Tata akanati inde, wina woti akanati ayi. Anafunsa mkazi wake, anasuntha izi, anabweza izo, akung'ung'udza yekha. Kenako anasakaniza n'kuchepetsa mpaka m'lichero munatsala nyemba khumi zokha. Zisanu ndi zitatu zoyera. Ziwiri zakuda.

"Anthu khumi onga Tata lero," anatero. "Asanu ndi atatu ndi mpweya. Awiri ndi mpeni."

Mtima unakhala pansi. "Ndiye basi, zoyera zapambana. Ndikawaphikire tiyi wa tangawizi."

"Dikirani, achemwali. Nyemba siziwerengedwa kokha, zimayezedwanso kulemera." Anatsika pakhonde n'kutola miyala iwiri ikuluikulu pamene timatsukira mbale. "Tikapita m'tauni n'kukapeza kuti ndi yoyera, tataya gule, ndipo Tata atitukwana mpaka Khirisimasi. Tikakhala pano n'kukhala kuti ndi yakuda, tataya Tata." Anaika mwala pa nyemba yakuda iliyonse, n'kunyamula lichero ndi dzanja limodzi. Linapendekera kumiyala, zoyera zonse n'kugubudukira komweko.

Ndinamuseka mlongo wangayu zaka zonse, koma tsiku limenelo ndinamumva.

Vuto ndi loti Tata anamvanso, pazenera lomwe lija. "Ndamva zonse," anakuwa. "Asanu ndi atatu akukavina, awiri akupita kuchipatala. Ine ndili mwa asanu ndi atatuwo. Awiriwo muwapepese."

Kubwalo ng'oma zinali zitayamba kuitana. Ndinaona zala za Tata zikuvina zokha pabulangeti. Ndinachonderera, ndinalira, ndinatchula dzina la malemu amayi. Iwo anangoti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo iwo sanamve zoti n'kutsegulira chitseko cha chipatala. Anzawo awiri anapita kumeneko akuyenda okha n'kubwerako atagona m'galimoto. Kenako anati, "Muitane uyo wa nyembayo."

Gwakisa analowa n'kuima pafupi ndi bedi, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Ndiyang'ane," anatero Tata. "Chibadwire chako ndakhala ndikudya mwina, kumwera mwina. Ndatopa naye. Lero undiuze mawu amodzi. Ukati ndithu matumbo apotana, ndikwera njinga. Ukati mwina, ndikavina, ndipo ngati n'kufa ndikafera pabwalo ndodo ili m'manja."

"Apotana ndithu, Tata!" ndinalowerera.

"Iwe khala chete. Iwe umalumbira ngakhale pa peyala lowola."

Ndinayang'ana mlongo wanga ndipo ndinamumvera chisoni chimene sindinamumverepo. Munthu ameneyu sanauzepo mwana wa sukulu chinthu chimene sakuchitsimikiza. Anakana kunama paguwa, mpunga ukuzizira. Ankadziwa bwino lomwe kuti mwa khumi, asanu ndi atatu akumutsutsa. Thukuta linkatsika m'kolala. Panja ng'oma zinakweza mawu.

"Ndithu, Tata," anatero. Mawuwo anatuluka dzanja likukanda m'mbali mwa mutu. "Apotana. Ndikutsimikiza."

Tata anamuyang'ana osaphethira, nthawi yaitali ndithu. Kenako anapumira m'mwamba.

"Itanani njinga," anatero. "Ndipo wina akanditolere ndodo yanga."

Nditatuluka ndinapeza Subilaga atagwira pakamwa. "Mlamu, mwamva?" ananong'ona. "Zaka zonsezi, ngakhale ine sanandiuzepo ndithu."

Tinaitana njinga zamoto ziwiri. Yoyamba inanyamula Tata pakati, atavala malaya oyera, masokosi ofika m'mawondo ndi chitenje changa chamaluwa m'malo mwa kabudula, Gwakisa atawakumbatira kumbuyo. Yachiwiri ine ndi Subilaga, tikutsatira patali ndithu kuti angatembenuke n'kuonana. Msewu umadutsa m'mphepete mwa bwalo, ndipo amuna onse ovala zoyera anasiya kuvina n'kuyang'ana mtsogoleri wawo akudutsa ndi chitenje chamaluwa. Tata anakweza ndodo ngati akuwalamula kuti apitirize. Kuchokera apo mpaka m'tauni ndi maenje okhaokha, ndipo woyendetsa wawo sanaphonye ngakhale limodzi.

Kuchipatala anawalandira msanga. Dokotala wachinyamata anawagoneka, anadina, anamvetsera, n'kulamula kuti akajambulidwe m'mimba. Gwakisa analowa nawo. Ine ndi Subilaga tinakhala pabenchi m'khonde, pamodzi ndi anthu ena odikira, aliyense ndi nkhawa zake. Ndinali ndikupemphera chamumtima, ndikulonjeza Mulungu zinthu zimene sindinakwaniritse.

Akuti zinachitika pamene ankawanyamula kuwaika pathebulo lojambulira. Ife tinangomva. Zinayamba chapansipansi ngati galimoto ikubwera kutali, kenako zinakwera, zinaima pang'ono ngati zikuganiza, n'kuyambiranso ndi mphamvu zatsopano. Chitseko chinali chotseka koma sichinathandize. Mayi wina anasiya kuyamwitsa. Bambo wina wa bandeji kumutu anavula chipewa.

Subilaga anali atafunda chitenje mutu wonse, thupi likugwedezeka. Ndinakweza kansonga kuti ndione ngati akulira kapena akuseka, n'kupeza akuchita zonse ziwiri.

"Mlamu," anatero akupukuta misozi, "amenewa ndi mawu oyamba amene apongozi anga andiyankha okha."

Chithunzi chinatuluka chabwino, matumbo ali m'malo mwake. Kwa dokotala, popeza anali mlendo, Tata anaulula phala lija: nkhumba yokazinga, nyemba, nthochi zophika, chambiko, ndi mapeyala awiri otsitsira. Dokotalayo anati mimba yotere amafuna kuiona ndi maso, osati kuimvera pazenera, ndipo anawagoneka mpaka m'mawa kuti atsimikize. Kumudzi, anyamata athu anavina opanda mtsogoleri. Mzere wakutsogolo unakhotera kumanja, wakumbuyo kumanzere, n'kuombana pakati pa bwalo. Chikho chinawolokanso mtsinje.

Zimene zinatsatira ndikazikumbukira ndimapsabe mtima. Amuna a gule anatha miyezi osamupatsa moni Gwakisa. Kusukulu, akangotembenukira kubolodi, mwana wina kumbuyo ankaliza mlomo pachikhatho, kalasi yonse n'kugwa ndi phwete. Dzina linasintha, anakhala Mwalimu Ndithu. Ndipo wotsogolera nyimboyo anali Tata eniake. Pamaliro, paukwati, pamsika, paliponse pamene pali anthu oposa atatu, ankayamba: "Mwana wanga uja anatsimikiza kamodzi kokha m'moyo wake. Mukudziwa chimene anatsimikiza?" Za nkhumba sankazitchula.

Gwakisa kusekedwa anakuzolowera kalekale. Chinamudya ndi china. Anapachika lichero kudenga la khitchini, nyemba n'kuzithira m'chitini, ndipo Subilaga akabwera ndi nkhani za kuntchito ankangoti pepa n'kumuthirira tiyi, ngati amuna ena onse. Ndinamupeza tsiku lina atakhala pakhonde manja ali lende.

"Kupita kuchipatala sitinalakwe," anandiuza. "Tsikulo litabweranso, miyala ikanalemerabe. Koma nyemba zinati ziwiri mwa khumi, ine ndinati khumi mwa khumi. Ndinawanamiza bambo anga akundiyang'ana m'maso, ndipo anandikhulupirira. Ndikaphunzitse chiyani tsopano?"

Ndinamanga chitenje n'kulunjika kwa Tata, moto uli m'mutu. Ndinawapeza pansi pa mpeyala akupaka mafuta ndodo yawo.

"Tata, mwanayo mwamupha ndi pakamwa. Anakunyamulani pamsana pa njinga, inu mukumuyendetsa m'midzi ngati nyimbo. Nkhumba munadya ndinu, wonyozeka akhale iye?"

"Khala pansi, usandiimirire ngati wokhometsa msonkho."

Ndinakhala, koma mtima sunakhale.

"Iwe ukuganiza kuti ndinakwera njinga ija chifukwa ndinakhulupirira kuti matumbo apotana?" anafunsa.

"Nanga munakwereranji?"

"Unali pomwepo, sunaone dzanja lake? Linali kukhutu."

Ndinali nditaliona ndithu dzanjalo, koma mantha anandiphimba.

"Mayi ako anandiphunzitsa kuliyang'ana," anapitiriza Tata, akupukuta ndodo pang'onopang'ono. "Ndinadziwa kuti akunama asanamalize mawu. Ndiye ndinati, mwana uyu anakana kunamiza abusa, anakana kunamiza mkazi wake tsiku la ukwati. Lero waima apa akunjenjemera, akundinamiza ine kuti ndisafe. Ndimukanize chifukwa cha chikho?"

"Nanga mukumusekeranji ponseponse?"

"Ukufuna ndiziwauza chiyani anthu, kuti ndinalira panjinga? Woyendetsa uja ndinamuuza kuti ndi fumbi."

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kansalu komanga mfundo. M'kati munali nyemba ziwiri zakuda. Anazitola pakhonde tsiku limene anabwerako kuchipatala, zili pansi pa miyala ija.

"Kampatse. Lichero lake n'losakwanira. Koma zinazi usamuuze."

Tata amandidziwa, ndiye sindikhulupirira kuti ankayembekeza kuti ndisunga. Ndinakafotokoza zonse, mpaka za fumbi. Gwakisa anamvetsera nyembazo zili m'chikhatho, akuzitembenuza ndi chala. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera. Kenako anakwera pampando n'kutsitsa lichero kudenga.

"Ndiye tandiuza," ndinatero, "nkhalambayo ikadzafufumanso, nyemba zakuda zili ziwiri zokha, udzanenanso kuti ndithu?"

"Mwina," anatero Gwakisa.

Dzanja linali kukhutu.